Koloko Yosaoneka ya m'Kompyuta

Lero tiphunzira za koloko imene iribe mivi ndipo siioneka ndi maso, koma iweruza cimene ciyenera kusungidwa ndi cimene ciyenera kutayidwa.

Taganizani za kabati ya mabuku m'kalasi mwanu. Ikadzaza ndipo pabwera buku latsopano, mucotsa liti? Wanzeru acotsa buku limene lakhala nthawi yaitali osawerengedwa. Koma kuti alidziwe, ayenera kulemba nthawi imene buku liri lonse linatsegulidwa komaliza.

Umu ndimo icitira Redis, pulogaramu imene Salvatore Sanfilippo wa ku Italy anayamba m'caka ca 2009. Iyo isunga zinthu mu RAM, ndiwo malo a m'kompyuta ofulumira kwambiri koma ocepa. Pa cinthu ciri conse ilembapo nthawi imene cinakhudzidwa komaliza. Malo akatha, ikhoza kutola zinthu 5 mwacisawawa ndi kufuna mwa izo cimene cakhalitsa osagwira nchito, kuti cicoke.

Tsono mverani bvuto lake. Malo olembapo nthawi ndi mabiti 24 okha, ndipo angathe kusiyanitsa manambala 16,777,216 basi. Manambalawo akatha, koloko iyambanso pa 0, monga koloko ya pakhoma iyambanso ikapitirira 12. Ikamawerenga masekondi, itenga masiku 194 kuti izungulire. Koma ikagawa sekondi iri yonse m'zigawo 1,000, izungulira maola 5 asanakwane. Pamenepo cinthu cimene cinasiyidwa m'mawa cingaoneke ngati cakhudzidwa tsopano apa. Cisungidwa, ndipo cofunika ndico citayidwa.

Nanga koloko ikamawerenga masiku athunthu? Zonse zimene zakhudzidwa lero zioneka zofanana, ndipo kompyuta siingadziwe cakale ndi citi. Cifukwa cace amisiri afuna muyeso wa pakati. Poyamba Redis inali kuwerenga masekondi khumi khumi, koma pambuyo pace anaisintha kuti iziwerenga sekondi imodzi imodzi.

Aphunzitsi, lembani samu iyi pa bolodi: tsiku limodzi liri ndi masekondi 86,400. Ana agawe 16,777,216 ndi 86,400, ndipo aone ngati apeza masiku amene tanena aja. Tsalani bwino.