Fani ya padenga ikasiya kukoka mpweya

Pamadenga a mafakitale, zigayo, mashopu akuluakulu ndi zipatala zina mumaoneka timipira tachitsulo tozungulira ndi mphepo. Amenewa ndi mafani otulutsa mpweya, ndipo ambiri safuna magetsi. Mphepo ikawomba amazungulira n'kukoka mpweya wa m'nyumba, komanso mpweya wotentha pawokha umakwera n'kutulukira pomwepo. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, malata akamawotcha, phindu lake limamveka pathupi.

Koma nkhani yaikulu ndi ya mapapo. Tizilombo ta chifuwa chachikulu cha TB timatuluka munthu akamatsokomola, ndipo timatha kuyandama kwa maola angapo m'chipinda chotsekeka. N'chifukwa chake bungwe la World Health Organization limalimbikitsa kuti m'zipatala mpweya uzilowa ndi kutuluka mosavuta. Ofufuza ena anayesa mafani amenewa m'zipatala zazing'ono za ku Khayelitsha, mumzinda wa Cape Town, ndipo zomwe anafalitsa mu 2012 zinasonyeza kuti amathandizadi kusintha mpweya m'zipinda. Koma iwo anaikanso timipata tolowera mpweya wakunja, ndipo apa ndi pamene ambiri timaphonya.

Fani siingatulutse mpweya ngati wina sukulowa. Mwatseka mawindo onse, zitseko zathina, kapena siling'i ilibe potulukira kupita kudenga: faniyo izingozungulira mokongola kunjako, odwala pabenchi akupumirana mpweya womwewo. Kuti mudziwe zoona, yatsani koyilo wa udzudzu n'kumuyandikiza pabowo la fani kuchokera mkati. Utsi ukamakwera molunjika, zili bwino. Ukangofalikira m'chipindamo, pali vuto, ngakhale kunjako ikuzungulira.

Tsono fani yomwe yaima kapena ikulira kwee-kwee, kawirikawiri vuto limakhala mabeyaring'i. Fumbi, makamaka la m'chigayo, limalowa n'kuumitsa girizi, kenako dzimbiri limamaliza. Mabeyaring'i ena akale amalola kuthira girizi watsopano, koma ambiri a masiku ano ndi omata, moti akafa n'kusintha basi. Kuthiramo oyilo wakuda wa galimoto kumangotontholetsa phokoso kwa masiku ochepa kwinaku akuitana fumbi lina. Ikamagwedera pozungulira, onani ngati mapiko sanapindike, ngati mulibe chisa cha mbalame, komanso ngati khosi lake laima chilili, chifukwa yopendekera imadya mabeyaring'i mbali imodzi.

Kudontha nthawi ya mvula sikuchokera m'mapikomo kawirikawiri ayi. Madzi amalowera pomwe chitsulo cha pansi pa fani chakumana ndi malata, silikoni akasweka ndi dzuwa kapena masikuluu akakhwefuka. Palani silikoni wakaleyo, pukutani pouma, kenako matani watsopano.

Mafani amagetsi, monga otulutsa utsi m'makhitchini a malesitilanti, ali ndi zawozawo. Mota ikamangong'ung'udza osazungulira, nthawi zambiri kapasita yafa, ndipo lamba wokhwefuka amachepetsa liwiro. Mafuta ophikira omata m'mapaipi ndi oopsa kwambiri chifukwa amagwira moto. Zimitsani magetsi pa meni switchi musanakhudze chilichonse, ndipo za mawaya musiyireni wamagetsi.

Wokwera padenga asankhe m'mawa malata atauma mame koma asanatenthe, aziponda motsata mzere wa misomali pomwe pansi pali matabwa, ndipo wina amugwirire makwerero. Padenga lakale la asibesito musakwerepo wamba: limaphwanyika mosachenjeza, ndipo fumbi lake limayambitsa khansa.

Oyang'anira zipatala, sukulu ndi zigayo, tumizani munthu akaone mafaniwa kawiri pachaka, mvula isanayambe ndiponso ikangotha.