Diresi la ukwati silisokedwa pa chingwe

Chaka chilichonse thonje, fodya ndi nandolo zikagulitsidwa, kuyambira mwezi wa Julayi mpaka mvula yoyamba, m'midzi ya ku Etatara, Cuamba, Mandimba ndi Ngauma mumamveka nthungululu pafupifupi Loweruka lililonse. Iyi ndiyo nyengo ya maukwati, pakuti ndi pamene anthu amakhala ndi kangachepe m'thumba. Ndi nyengonso imene atelala sagona tulo, ndipo ena a iwo amadana ndi mabanja amene akhala akuwasokera kwa zaka zambiri.

Mkangano wake sukhala wachilendo. Ukwati ndi mawa, mbuzi yagulidwa, thobwa laphikidwa, abale ochokera ku Namwera ndi ku Gurué afika kale, koma diresi likadali pa makina lopanda manja. Kapena diresi lafika ndithu, koma zipi ikukana kukwera. Mkwatibwi amangolira, amayi ake akulalatira telala, naye telala akuloza chingwe chimene anapatsidwa.

Chingwe chimenechi chaononga nsalu zambiri. Kaamba koti ulendo wochoka ku Etatara kupita ku Cuamba umadya ndalama ndi tsiku lonse la ntchito, mabanja ena amayeza mtsikana kunyumba ndi chingwe, namanga mfundo pa chifuwa, m'chiuno ndi pa msinkhu, kenaka n'kutuma mlongo wake kuti akapereke kwa telala. Ena amatumiza diresi lakale kuti telala aonerepo. Njira imeneyi imatheka pa yunifolomu ya mwana wa sukulu kapena pa diresi lotaya la kapulana, koma diresi la ukwati ndi lina. Limagwira thupi kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno, ndipo nsalu yake yoyera ndi yonyezimira imaonetsa khwinya lililonse.

Telala wodziwa ntchito yake amayeza malo oposa khumi. Amayeza chifuwa, pansi pa chifuwa, m'mimba, m'chiuno, mapewa, m'khwapa, mkono, kuchoka paphewa kufika m'chiuno cha kutsogolo ndiponso cha kumbuyo, ndi kuchoka m'chiuno kufika pansi. Pamene akuyeza amakhalanso akuona kaimidwe ka munthuyo, ngati phewa lina ndi lotsika kapena msana ndi wopindika pang'ono. Zoterezi chingwe sichinena. Nsapato zimene mkwatibwi adzavale ziyeneranso kukhalapo tsiku loyeza, chifukwa mpendero umene unayezedwa munthu ali chosavala nsapato umalendewera m'malere akavala gogoda.

Kuno ku malire kulinso vuto lina limene anthu a ku Nampula kapena a ku Lilongwe sakumana nalo kawirikawiri. Tepi ya telala ili ndi nkhope ziwiri, ina ya masentimita ina ya mainchesi. Nkhondo isanathe ndi pangano la mtendere limene linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi a dziko lino anali atathawira ku Malawi, ndipo ambiri a ku Mandimba ndi Ngauma anakhala m'maboma a Mangochi ndi Machinga. Ena anaphunzira kusoka komweko, ndipo pobwerera kwawo m'zaka za 1993 ndi 1994 anabwera ndi makina opalasa ndi phazi a Singer kapena Butterfly, komanso chizolowezi chowerenga mainchesi, chimene anaphunzitsa ana awo. Amene anaphunzira ntchito kwa alfaiate wa ku Cuamba amawerenga masentimita. Inchesi imodzi imaposa pang'ono masentimita awiri ndi theka, kotero chifuwa chimene wina akuti ndi 36 mnzake akuti ndi 91. Manambala otumizidwa pa foni popanda kunena mbali ya tepi imene anawerengedwa ndi msampha.

Chimodzimodzinso pogula nsalu. Yadi ndi yaifupi kuposa mita. Telala akanena kuti pafunika mamita 6, wotumidwa nadutsa pa Chiponde kukagula mayadi 6, amabwera ndi mamita asanu ndi theka okha. Theka lasowalo ndilo manja a diresi. Nsalunso zimasiyana m'lifupi: ina imakhala masentimita 115, ina 150, ndipo yopapatizayo imafunika yochulukirapo.

N'zomvetsa chisoni pang'ono kuti Cuamba amalima thonje lambiri, koma nsalu ya diresi la ukwati siichokera m'minda imeneyi. Satini, lesi ndi neti ya velo zambiri ndi za poliyesita, zochokera ku maiko a ku Asia, ndipo zimafika kuno kudzera m'masitolo a ku Nampula pa njanji ya Nacala, kapena a ku Limbe pa msewu wa Mangochi. Cuamba amakhala nazo, koma osati mitundu yonse nthawi zonse. Chifukwa chake nsalu yonse iyenera kugulidwa tsiku limodzi pa mpukutu umodzi. Kuyera kuli mitundu yambiri. Kuli kuyera kwa mbee, kuli kokhala ngati mkaka, kulinso kopita ku mtambo, ndipo m'sitolo yamdima zonse zimaoneka zofanana. Kusiyana kwake kumadzaonekera padzuwa, pakhomo pa tchalitchi, wojambula zithunzi ali chilili. Wogula asaiwalenso nsalu ya mkati, zipi yaitali ndi ulusi, pakuti satini wopanda nsalu ya mkati amaonetsa zimene siziyenera kuoneka.

Mwambo wa diresi loyera si wa makolo athu. Unatchuka ku Ulaya Mfumukazi Victoria ya ku England itakwatiwa mu zoyera mu 1840, ndipo kuno unafika ndi atsamunda ndi amishoni, monga a Consolata amene anatsegula mishoni ya Massangulo mu 1928. Lero wafika ponseponse, koma chipembedzo chilichonse chili ndi malamulo ake a kavalidwe. Mkwatibwi wa Chisilamu wa ku Ngauma amafuna manja aatali, khosi lotseka ndi mpango wakumutu. Mipingo yambiri ya Chikhristu nayonso siikondwera ndi mapewa a pamtunda. N'kwanzeru kufunsa amayi a mumpingo kapena a kumzikiti sizasi isanakhudze nsalu, kusiyana n'kudzafunda chitenje pamwamba pa diresi lodula tsiku la ukwati.

Izi zikuchitika kwambiri masiku ano chifukwa atsikana amasankha sitayilo pa WhatsApp ndi Facebook. Chithunzi chimaonetsa kunja kokha. Diresi lofutukuka ngati ambulera limakhala ndi nsalu zingapo za neti mkati, ndipo logwira chifuwa popanda manja limaimikidwa ndi timafupa ta pulasitiki tosokeredwa m'misoko. Telala amene sanasokepo zotere sangaphunzirire pa nsalu ya munthu. Wachilungamo amanena poyera kuti ichi ndingathe, ichi sindingathe, napereka maganizo ena. Woopsa ndi uja amene amavomera chilichonse asanachione bwino chithunzicho. Banja lili ndi ufulu wopempha kuona diresi limene telalayo anasokapo kale, osati chithunzi chake koma diresi lenileni, ndi kulitembenuza kuti lione misoko ya mkati. Kufunsa kwa amene anawasokera kale si kunyoza.

Miyezi itatu ukwati usanachitike ndiyo nthawi yabwino yopita kwa telala, ndipo mkwatibwi adziwiretu kuti adzayenda ulendowo katatu kapena kanayi. Ulendo woyamba ndi woyeza ndi kugwirizana. Wachiwiri ndi wovala diresi litangolumikizidwa ndi ulusi wa pamanja, kapena nsalu ya mkati yokha, pamene kukonza n'kosavuta. Wachitatu ndi woona manja, zipi ndi mpendero. Pa ulendo umenewu asangoima pa kalilole. Akhale pa mpando, agwade, akweze manja, avine pang'ono, chifukwa tsiku la ukwati adzagwada kwa apongozi ndipo adzavina pa nthawi ya perekani-perekani. Popeza msewu wochoka ku Cuamba kudutsa pa Mandimba ndi Massangulo mpaka ku Lichinga unathiridwa phula, ulendo wa chapa sulinso wa tsiku lonse monga kale. Amene amavutikabe ndi a m'midzi ya kutali ndi msewuwu, maka mvula ikayamba.

Kalendala ya telala nayonso ndi yofunika kuidziwa. Kumayambiriro kwa chaka amakhala atakwiririka ndi mayunifolomu a sukulu. Kumapeto kwa Malichi amayi amadzaza khonde lake ndi makapulana a pa 7 Epulo, tsiku la amayi a dziko lino. Masiku otsiriza a Ramadan ndi masabata a Khirisimasi ndiye osanena. Diresi la ukwati limene lafika pa nthawi zotere limaikidwa pansi pa mulu.

Pali nkhani ina imene anthu sakonda kuitchula. Thupi la mkwatibwi limasintha m'miyezi itatu. Ena amaonda ndi nkhawa kapena malungo, ena amanenepa kaamba kopumitsidwa ntchito za kumunda, ndipo ena amakhala ali oyembekezera koma sanauze munthu. Mtsikana wotere akabisira telala amadziputira manyazi aakulu patsogolo. Telala akauzidwa msanga amakweza chiuno cha diresi kuti chiyambire pansi pa chifuwa, kapena m'malo mwa zipi amaika zingwe zomanga kumsana zimene zimathinitsidwa kapena kumasulidwa. Naye telala adziwe kuti zimene waona pa tepi si nkhani ya pa bawo. Chifukwa chake mabanja ambiri amakonda telala wamkazi, kapena amatumiza azakhali kuti aperekeze mwana wawo ndi kugwira tepi okha.

Si onse amene amasoketsa latsopano. Pa kaunjika, amene kuno timati calamidade, dzina lochokera ku zovala za chithandizo zimene zinkagawidwa pa nthawi ya nkhondo ndi chilala, pamapezeka madiresi a ukwati a ku Ulaya ndi ku America, ena a nsalu yabwino kuposa ya m'sitolo. Lamulo lake ndi limodzi: gulani lalikulu, osati laling'ono. Kubweza diresi n'kotheka nthawi zambiri, koma kulikulitsa kumadalira nsalu imene inatsala mkati mwa msoko, ndipo pa satini mabowo a singano yakale satsekeka. Ngati msoko uli ndi mikanda kapena lesi pamwamba, telala ayenera kuzichotsa ndi manja ndi kuzibwezeretsa chimodzichimodzi. Ntchito imeneyi nthawi zina imaposa yosoka latsopano, choncho banja lisadabwe mtengo wobweza ukaposa umene linagulira diresilo. Wogula ayang'ane m'khwapa ndi pa mpendero. Chikasu cha thukuta lakale sichichoka ndi sopo, ndipo mankhwala oyeretsera zovala amaononga lesi.

Diresi lobwereka kwa mbale kapena lochita hayala lili ndi mwini wake. Pamenepo telala sayenera kudula kanthu, koma kupinda ndi kugwira ndi ulusi wa pamanja umene udzamasulidwa ukwati ukatha. Izi zinenedwe momveka bwino pamaso pa mwini diresi.

Pa ndalama ndi pamene chibale chimathera. Atelala ambiri amafuna theka poyamba, lotsala pa tsiku lotenga, ndipo zimenezi n'zoyenera mbali zonse. Kulipira zonse poyamba n'kudzimanga manja. Mgwirizano ulembedwe m'kope la telala ndipo banja likhale ndi pepala lake, lonena mtengo, zimene zaperekedwa, mamita a nsalu, ngati velo ndi madiresi a operekeza zili momwemo, ndi mwini wa nsalu yotsala. Ku Mandimba, kumene meticais ndi makwacha zimayendera limodzi, atchule ndalama imene agwirizana, chifukwa osintha ndalama pa malire amasintha mtengo wawo tsiku ndi tsiku. Nkhoswe imene yasenza kale nkhani zonse za ukwatiwo ingathe kukhalanso mboni pa khonde la telala. Nkhani ikadzafika kwa mfumu kapena ku bwalo la milandu la m'dera, pepala ndi mboni ndizo zimalankhula. Tsiku lotenga diresi likhale masabata awiri ukwati usanafike. Ena amauza telala tsiku labodza la ukwati kuti afulumire, koma m'mudzi ukwati subisika, ndipo telala akadziwa kuti ananamizidwa sakhulupiriranso mawu ena onse.

Atelala nawonso ali ndi madandaulo awo omveka. Mkwatibwi amasintha maganizo nsalu itadulidwa kale chifukwa waona chithunzi china. Apongozi amabwera sabata yomaliza nalamula kuti khosi likwezedwe. Wina amatenga diresi polonjeza kuti adzamaliza ngongole ndi ndalama za perekani-perekani, kenaka n'kusamukira kwa mwamuna ku Mecanhelas osatsanzika. Ukwati wina umalephereka, diresi n'kukhala pa msomali chaka chathunthu likudya fumbi, pamene telalayo anakana ntchito zina kuti alimalize. Munthu wopalasa makina pa khonde la sitolo amalipira lendi ya khondelo, ndipo diresi limodzi la ukwati limamudyera masiku amene akanasoka mayunifolomu ambiri.

Diresi likatha, ngozi yotsala ndi simbi ndi msewu. Poliyesita amasungunuka ndi simbi yamakala yotentha kwambiri, ndipo kakala kamodzi kogwera pa neti kamasiya bowo. Lisitidwe chotembenuza, ndi nsalu yoyera ya thonje pamwamba, simbi itazirala pang'ono, ndipo bwino alisite ndi telala yemweyo. Ponyamula likulungidwe mu nsalu yoyera kenaka m'pulasitiki. Kapulana watsopano asaligunde, chifukwa amasuluka akanyowa ndi thukuta la wonyamula pa kabaza.

Telala wabwino amapereka diresi pamodzi ndi kachidutswa ka nsalu yake, ulusi ndi singano, zoti azakhali asunge m'chikwama tsiku la ukwati. Amasiyanso masentimita atatu kapena anayi mkati mwa msoko uliwonse wa m'mbali, osadula. Banja limene lili ndi atsikana ena m'nyumba lipemphe zimenezi pa tsiku loyamba, chifukwa mng'ono wake wa mkwatibwi angadzakhale wonenepa kuposa mkulu wake.