Gondolosi ndi Tsogolo Lake M'nkhalango

Gondolosi, amene akatswiri a zomera amamutcha Mondia whitei, ndi chomera choyanga chimene chimamera m'nkhalango za chinyontho ndi m'mbali mwa mitsinje m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo chimakula podzikulunga kumitengo ina mpaka chitafika poti dzuwa likuchiomba. Masamba ake ndi aakulu, amamera awiriawiri moyang'anizana, ndipo tsinde likathyoka limatuluka utomoni woyera. Joseph Dalton Hooker wa ku malo ofufuza zomera a Kew ndiye adachilemba koyamba m'mabuku a sayansi mu 1871, koma asing'anga anali atachidziwa kalekale.

Chimene anthu amafuna ndi muzu, umene ukatafunidwa umayamba ndi kuwawa kenako n'kusiya kutsekemera m'kamwa, ndipo fungo lake limafanana ndi la vanila chifukwa uli ndi mankhwala achilengedwe ofanana kwambiri ndi amene amanunkhiritsa vanilayo. Ku Malawi umagulitsidwa m'misika ndi m'madepoti a basi, wodulidwa tizidutswa kapena wosinjidwa kukhala ufa wothira m'phala ndi mu tiyi, pomwe ku Kenya, kumene amautcha mukombero, masamba ake amaphikidwanso ngati ndiwo. Asing'anga amaupereka kwa amene sakumva njala kapena akuvutika m'mimba, ngakhale kuti mbiri yake yoti umawonjezera mphamvu za abambo m'banja yaphimba ntchito zinazi.

Pa mbiri imeneyi umboni wa sayansi ndi wofunika kuuwerenga mosamala. Kafukufuku wa mu 2008, amene Fanuel Lampiao wa ku Malawi adachita ndi anzake, adaonetsa kuti mbewu ya abambo yoikidwa m'madzi a muzuwu mu labotale imayenda mwamphamvu, koma ku Cameroon makoswe amene adamwetsedwa gondolosi wambiri kwa nthawi yaitali adachepa mphamvu yobereka mpaka atasiya kumwetsedwa, zimene zikuchenjeza amene amaganiza kuti mankhwala achikuda alibe mlingo.

Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti wokumba akazula mizu yonse chomeracho chimafa, moti ku South Africa chidalembedwa kale m'gulu la zomera zimene zili pangozi yotha. Komatu gondolosi amadzalika: zipatso zake, zimene zimakhala ziwiriziwiri, zikauma zimang'ambika n'kutulutsa njere zaubweya zouluka ndi mphepo, ndipo njerezi zimamera bwino mu nazale. Alimi ozungulira nkhalango ya Kakamega ku Kenya amamulima kale m'minda yawo, pomudzala pafupi ndi mitengo yoti ayangepo.