Kumuthamangitsa pantchito popanda kalata

Pa chipata cha Mwanza, pomwe magalimoto akatundu amalowera kuchokera ku Zobue m'dziko la Mozambique, ntchito zambiri n'za m'masitolo, malo ogona alendo, malo omwetsera mafuta ndi maofesi othandiza kulowetsa katundu. Mabwana amasintha ndondomeko ya ntchito kawirikawiri, koma kwa munthu waulumali kusinthako kumatha kukhala njira yomuthamangitsira mwakachetechete.

Tiyerekeze kalaliki woyendera ndodo yemwe desiki yake aisamutsira m'chipinda cham'mwamba, kapena wachialubino yemwe amagulitsa m'sitolo koma amuuza kuti azikaima panja dzuwa likuswa mtengo. Palibe wamulembera kalata yomuchotsa, koma pakatha mwezi amatopa n'kusiya yekha. Bwana amangoti wathawa ntchito.

Malamulo amaletsa zotere. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, ndipo gawo 5 la lamulo la zantchito la 2000 limabwereza zomwezi kwa olemba anthu ntchito.

Mu 2009 Malawi idavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Panganoli limati kukana kusintha zinthu zosavuta kuti waulumali agwire bwino ntchito ndi tsankho kale. Zosinthazo nthawi zambiri sizidya ndalama zochuluka: kumusiya m'chipinda chapansi, kumupatsa ntchito yamumthunzi, kumulola kulowa masana m'malo mwa usiku, kapena kumulembera uthenga amene samva m'malo mongolengeza pakamwa.

Mu 2024 lamulo latsopano la anthu aulumali lidalowa m'malo mwa la 2012, ndipo bungwe la Macoha lidasanduka Macoda, lomwe limalandira madandaulo otere. Makhoti nawo adasonyezapo mano: mu 2005 khoti loona milandu yapantchito lidagamula kuti kuchotsa munthu chifukwa chopezeka ndi HIV ndi tsankho.

Ambiri amaluza chifukwa chochedwa. Lamulo limapereka miyezi itatu yokha kuti wochotsedwa mopanda chilungamo akadandaule kwa mkulu wa zantchito wapaboma. Amene wasiya yekha chifukwa bwana waumitsa zinthu mopyola muyeso, lamulo limamutenga ngati wochotsedwa, koma wantchitoyo ndiye ayenera kupereka chifukwa chomwe chidachititsa kuti asathe kupitiriza ntchito. Nchifukwa chake ndi bwino kupempha kusinthako polemba kalata n'kusunga kope lake, osati kungodandaula pakamwa.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 10.4 mwa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'mwamba ali ndi ulumali. Ena sadabadwe nawo, adaupeza pangozi yapamsewu kapena atadwala sitiroko ali kale pantchito. Paja akuluakulu adati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Bwana wokana kutsitsa desiki lero angadzafune chipinda chapansi chomwecho mawa.