Fomula imabwera pomalizira

Funso limene ndimalimva kwambiri kwa ophunzira fizikisi a chaka choyamba ndi lakuti, "Aphunzitsi, apa tigwiritse fomula iti?" Ambiri mwa iwo anakhoza bwino mayeso a A-Level a ZIMSEC, ena ndi ochokera konkuno ku Shurugwi, zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi kudzakumba chrome tauni ino ikadali Selukwe, monganso agogo anga. Mitu yawo imagwira. Vuto n'lakuti kusekondale anazolowera kupatsidwa manambala atatu n'kufunsidwa yachinayi, ndipo ntchito inali kungosaka fomula imene muli zilembo zonse zinayi. Kuyunivesite, kaya ndi Midlands State ku Gweru kapena NUST ku Bulawayo, funso silikuuza kuti lachokera m'mutu uti wa buku. Nthawi zina lilibe ngakhale nambala imodzi.

Mu 1981, Michelene Chi ndi anzake ku yunivesite ya Pittsburgh anapatsa anthu mafunso a fizikisi kuti awaunjike m'magulu. Ongoyamba kumene anaunjika potengera zooneka ndi maso: awa ndi a malo otsetsereka, awa ndi a chingwe ndi gudumu. Akatswiri anaunjika potengera lamulo limene lingamasule funsolo, mwina lachiwiri la Newton, mwina lakuti mphamvu sitayika koma imangosintha mtundu. Ntchito yathu yagona pamenepo. Masamu amabwera pambuyo, munthu atasankha kale lamulo ndiponso zimene anyalanyaze.

Tiyeni titsike Boterekwa, msewu wokhotakhota uja wolowera ku Zvishavane. Tiyerekeze kuti lole ya matani 30 yatsika phiri mamita 100, kuyeza kuchokera pamwamba kufika pansi, ndipo liwiro lake silinasinthe. Kodi mabuleki atentha motani? Wophunzira watsopano amayamba kudandaula kuti sindinamuuze kutalika kwa msewu, kutsetsereka kwake, ngakhale kuchuluka kwa makona. Zonsezo n'zosafunika. Ili pamwamba, lole inali ndi mphamvu chifukwa cha pamene inali: makilogalamu 30,000 kuchulukitsa ndi 9.8, kuchulukitsanso ndi 100, zikukwana ma joule opitirira 29 miliyoni. Liwiro silinakwere, ndiye kuti mphamvu yonseyo yasanduka kutentha. Ndi yokwanira kuwiritsa madzi ozizira malita oposa 80. Tsono taganizirani kutentha kumeneko kukuthera pa tizitsulo ta m'magudumu. N'chifukwa chake dalaivala wodziwa amatsika m'giya yaing'ono kuti injini isenzeko gawo lina, ndipo amene amangodalira phazi mumamumva ndi fungo la mabuleki asanatulukire pakona. Funso lonse latha m'mizere iwiri, koma kuti munthu aone kuti makona alibe ntchito pamafunika kukhala nalo kaye, pensulo ili m'manja.

Ndiye ndimaumirira chithunzi. Jambulani lole, jambulani phiri, lembani mivi yosonyeza chimene chikukoka ndi chimene chikukankha. Wophunzira akabwera ku ofesi ndi pepala loyera n'kunena kuti wakanika, ndimamubweza. Sanakanike, sanayambe.

Luso lachiwiri ndi lodziwa zotaya. Mwana wokulira kuno anaponyapo mwala m'dzenje la mgodi wakale n'kutchera khutu. Mwala ukamveka patatha masekondi 3, buku limati dzenjelo ndi lakuya mamita 44. Koma phokoso nalonso limatenga nthawi kuti likwere, pa liwiro la mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndipo mukawerengera zimenezo kuya kumatsika kufika pafupifupi mamita 41. Kodi mamita atatuwo tiwasamale? Zimatengera. Ngati nthawi mwayeza ndi chala pa foni, chalacho chalakwitsa kale mochuluka chomwecho, ndiye kuvutika ndi phokoso n'kudzitopetsa. Ngati mukugula chingwe choti munthu atsikire, asamaleni. Palibe fomula imene imakupangirani chiganizo chimenechi, ndipo amene adzalembedwe ntchito ku makampani a migodi a Unki kapena Zimasco azidzachipanga tsiku lililonse popanda tsamba la mayankho kumapeto kwa buku.

Tsamba limenelo ndiye mdani. Kuwerenga yankho la wina kumakoma: mzere uliwonse umamveka, mutu umagwedezeka, munthu n'kutseka buku akuti wadziwa. Zili ngati kuonerera mnzako akupalasa njinga n'kumati nawenso watha. Mawa funso lomwelo likabwera lole itasanduka ngolo ya miyala, manja amauma. Masiku ano mayankho ali ponseponse pa intaneti, ndipo magulu a WhatsApp a kalasi amawagawana usiku woti mawa ntchito iperekedwe. Sindiletsa kufunsa. Chimene ndimapempha n'chakuti munthu alimbane nalo kaye yekha, aligonere, ndipo akakakamira aone mzere umodzi wokha wa yankho, atseke, apitirize yekha. Pakatha masiku angapo alibwereze osayang'ana paliponse. Mafunso asanu ochitidwa motero amaposa makumi asanu okopera. George Pólya, katswiri wa masamu, analangiza m'buku lake la 1945 lotchedwa How to Solve It kuti funso likakukanika uyambe wapeza lina lofanana nalo koma losavuta. Ku fizikisi zimenezi zimagwira kwambiri: chotsani mphepo, chingwe chikhale chopanda kulemera, gudumu lisakhale ndi dzimbiri. Mukamasula limenelo, bwezerani zovutazo chimodzichimodzi.

Nanga popanda mphunzitsi, munthu angadziwe bwanji kuti yankho lake ndi loona? Choyamba, musathamangire calculator. Gwirani ntchito ndi zilembo mpaka kumapeto, kenaka onani miyezo: ngati mumafuna liwiro koma zatuluka m'makilogalamu, penapake pasokonekera. Chachiwiri, liyeseni pa zimene mukuzidziwa kale. Mwapeza fomula ya mmene chingwe chikukokera chikepe cha mumgodi pamene chikunyamuka kukwera. Imitsani chikepecho m'fomulamo. Chikaima, chingwe chiyenera kusenza kulemera kwa chikepe ndi anthu ake basi, osaposa, osachepa. Kenaka chisiyeni chigwe mwaufulu: kukoka kuyenera kukhala ziro. Fomula ikalephera pa ziwirizi, mphunzitsi safunikanso kuti akuuzeni.

Chomaliza n'chimene ophunzira amachinyoza: kufunsa ngati nambalayo ndi yomveka. Ndinachongapo pepala limene munthu anapeza kuti chikepe chikukwera pa liwiro loposa la ndege, n'kulemba mzere wawiri kunsi kwake monyadira. Masamu ake anali aukhondo, anangoiwala kusintha matani kukhala makilogalamu. Ndinamuchotsera malikisi ochepa pa kuiwalako, ndi ochuluka chifukwa chosadabwa.