Akaulula za hepatitis B, mwiniwake zimamuthera bwanji?

Munthu akaima pagulu n'kunena kuti ali ndi kachilombo ka hepatitis B, kamene kamawononga chiwindi, maganizo athu amathamangira kwa omvera: kodi akayezetsa? Abayitsa ana katemera? Wolankhulayo timamuiwala.

Ku America, bungwe la Hepatitis B Foundation linayambitsa ntchito ya #justB mu 2017, mogwirizana ndi bungwe la StoryCenter. Amene ali ndi kachilomboka, ndi ena amene anaferedwa chifukwa cha khansa ya chiwindi, amakumana masiku angapo. Aliyense amalemba nkhani yake, n'kuiwerenga yekha pojambula mawu, n'kuikapo zithunzi za pabanja, mpaka kutuluka kavidiyo ka mphindi zochepa.

Woyamba kupindula ndi mwini nkhaniyo. Kachilomboka kamatha kukhala m'thupi zaka zambiri munthu osamva kupweteka, choncho kubisa n'kosavuta, ndipo ambiri amasenza okha. Kumva mnzako akutchula mantha omwewo, a zotsatira za magazi kapena a kuuza chibwenzi, kumapepuza mtima. Amene anali wamanyazi amalimba mtima, ngakhale kwa dokotala amayamba kufunsa mafunso.

Koma nkhani imeneyi sikhala ya munthu mmodzi. Bungwe la WHO limati mu 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi kachilomboka, ndipo kumadera kumene n'kofala, ambiri amakatenga pobadwa kapena ali aang'ono. Ndiye amene wanena kuti anabadwa nako waulula za mayi ake, mwinanso za abale ake obadwa nawo bere limodzi, iwo asanavomere. Anthu osadziwa amathamangira kunena za chiwerewere, monga tinaonera ndi HIV kuno ku Malawi. Ena amasiya kudya naye mbale imodzi, chikhalirecho kachilomboka sikafala kudzera m'chakudya.

Palinso kutopa. Pa 28 July, tsiku lokumbukira matenda a chiwindi padziko lonse, oitanidwa amakhala omwewo, kuti abwerezenso za imfa ya bambo kapena mlongo. Akatsika pansanja, anthu amawazinga ndi mafunso okhudza mankhwala a tenofovir ngati iwo ndi adokotala. Kwa ine, okonza misonkhano amene safunsa mlendo wotere mmene akumvera akatha kulankhula amalakwa.

Za intaneti n'zovutirapo. Mavidiyo a #justB amadziwika ndi dzina loyamba la wofotokozayo, komabe nkhope ikaonekamo, abwana, apongozi kapena wofuna kumulemba ntchito akhoza kuizindikira patapita zaka, mwiniwake atasintha kale maganizo.