Sewero la pa siteji likalowa mu kamera: phunziro lochokera ku France

Mukatsegula TikTok kapena Facebook simusowa kasewero kojambulidwa pa foni. Ambiri amangoimika foni pakona, osewera n'kumakuwa ngati ali pa siteji. Koma abale, kodi chimenecho ndi filimu, kapena ndi sewero lomwe langojambulidwa basi?

Funso lomweli linawazunguza mutu anthu a ku France nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Opanga mafilimu ambiri ankakhulupirira kuti sewero limasanduka filimu ukawatulutsa osewera panja, kumsewu kapena kumapiri.

Jean Cocteau anayesa njira zonse ziwiri mu 1948. Mu L'Aigle à deux têtes anapita ndi osewera ake panja. Koma mu Les Parents terribles, sewero lomwe analemba yekha mu 1938, anawatsekera m'nyumba ziwiri zokha.

Nkhani yake ndi yoti mnyamata Michel wagwa m'chikondi ndi Madeleine, osadziwa kuti mtsikanayo alinso pachibwenzi ndi bambo ake omubereka. Nawo mayi ake, a Yvonne, safuna kumva zoti mwana wawo angakonde mkazi wina.

Pomwe Michel akuwaululira mayi akewo za chibwenzichi, Cocteau anayandikitsa kamera mpaka tikungoona pakamwa pa Jean Marais pakumwetulira, ndi maso a Yvonne de Bray akudzaza chisoni. Mwana akusangalala, mayi mtima ukusweka, zonse pachithunzi chimodzi. Munthu wokhala kumbuyo mu holo sangazione zimenezi.

N'chifukwa chake katswiri wounika mafilimu André Bazin, polemba za siteji ndi kanema mu 1951, anayamikira kwambiri filimuyi. Mfundo yake inali yoti palibe chifukwa chobisa kuti nkhani yachokera pa siteji. Ntchito ya kamera ndi kuonetsa zomwe siteji siingathe.

Naye Claude Autant-Lara sanabise. Mu Occupe-toi d'Amélie ya 1949, yochokera m'sewero la Georges Feydeau, anaonetsa dala siteji ndi oonera omwe.

Ndiye inu amene mumadandaula kuti mulibe ndalama yopitira kunyanja kukajambula, musataye mtima. Chipinda chimodzi chikukwanira. Musanadine batani, dzifunseni: pamene mawu owawa akutuluka, ndi nkhope ya ndani yomwe oonera ayenera kuiona? Nthawi zambiri si ya wolankhulayo, koma ya amene akumva.